Oyilo amene anathira malemu

Aphungu,

Ndikulemba ndili chiimire, chifukwa masiku ano mpando sukundigwira. Ndikangokhala pansi ndimadzukanso kukasuzumira pawindo, ngati kuti galimoto imene ili pansi pa mtengo wa mapeyala ingandiyankhe. Ndine mayi wamasiye wa ku Mtiya kuno ku Zomba. Ndimapikula masitiroberi, mapichesi ndi kachewere kuphiri, n'kumagulitsa kwa amayi a mumsika. Katundu yenseyu amatsika pa galimoto imodzi yakale ya dizilo imene anandisiyira amuna anga, malemu a Jamal.

Galimotoyi ili ndi dzina. Malemu ankaitchula Abiti Dizilo, ine ndinkati mkazi mnzanga, ndipo sikunali kuseka kokha ayi. Munthu uja ankati akadzuka, kuswali, basi ulendo wokatsegula boneti, asanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Ine ndikatsokomola ankangoti, "Mwani madzi otentha." Abiti akatsokomola, tsiku lonse bambo ali chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Ndinachita nayo nsanje zaka zambiri. Koma ndi yomweyo inaphunzitsa ana athu, ndi yomweyonso anandiphunzitsira kuyendetsa pa bwalo la mpira, akukuwa "kilatchi, kilatchi" mpaka mawu kusasa.

Matenda atawapanikiza, tsiku lina anandikodola ndi chala. Ndinaweramira pafupi ndikuyesa andiuza za ana kapena za nyumba. Iwo anati, "Hanifa, Abiti musawasowetse chakumwa. Muziwamwetsa, sadzakutayani panjira." Ndinakwiya ndipo ndinaseka nthawi imodzi. Pasanathe sabata anatisiya.

Miyezi yanga ya eda, ija mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba mwamuna akamwalira, galimoto inangoima pansi pa mtengo, masamba akuigwera. Nditatuluka ndinagula batire, inalira, ndinayamba ntchito. Tsopano zapita mvula ziwiri, ndipo mawu aja ndawasunga. M'mawa uliwonse ndimasolola kachitsulo koyezera oyilo, akachepa ndimathira. Mu rediyeta sindithira madzi wamba. Ndimatunga pa kasupe kuphiri komweko, madzi oyera, ozizira, aja anthu a ku Blantyre amatisirira nawo. Kabotolo ka mafuta a mabuleki kakatsika, ndimawonjezera. Palibe tsiku limene Abiti anagona ndi ludzu.

Chimene sindinalole ndi chimodzi: kuti munthu amasule bawuti ya pansi ija n'kukhutula oyilo. Oyilo amene ali mu injinimo anathira ndi a Jamal ndi manja awo, atatsala pang'ono kugwa m'matenda, ndipo fanulo ndinagwira ndine. Zovala zawo zinagawidwa, nsapato anatenga achimwene awo, foni ili ndi mwana wathu wamkulu ku Lilongwe. Chinthu chimene anachigwira ndi manja awo ndipo chikuyendabe mpaka lero ndi oyilo ameneyo. Ndikaliza injini m'mawa ndimamva ngati sanapite onse. Mwina mundiseka, koma ndi mmene mtima wanga ulili.

Tsono sabata yatha zandionekera. Ndimatsika phiri nditadzaza matumba a kachewere. Monga mwa masiku onse ndinachotsa giya n'kuika pa fili kuti ndipulumutse dizilo, poti mukudziwa mmene mizere ya mafuta imakhalira, ndipo ndimangoigwira ndi buleki. Nditapitirira makona akuthwa aja, ndinaponda buleki, phazi n'kumira mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Kutsogolo kunali amayi atasenza nkhuni m'mbali mwa msewu. Ndinapopa, ndinapopa, ndinakoka handibuleki, ndinakankhira giya mokakamiza mpaka inalira ngati ikuthyoka. Mulungu yekha ndiye anaimitsa galimoto ija, mphuno itatsamira khoma la dothi la kumtunda. Fungo la chinthu chopserera linali ponseponse. Mmodzi mwa amayi aja anatula mtolo wake n'kundifunsa, "Amayi, kwagwanji? Mwatuwa bwanji?" 

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti nditakhala pamenepo kanthawi, ndinayesa kuponda, buleki inagwira bwinobwino ngati palibe chinachitika. Ndinatsika pang'onopang'ono mpaka kumsika. Kuyambira tsiku limenelo m'tauni ikugwira, ndipo kabotolo kake n'kodzadza. Ndiye vuto linali chiyani?

Ndafunsa anthu awiri, ndipo andisokoneza kuposa poyamba. A Frank, amene amagulitsa zipangizo za galimoto pafupi ndi depoti, anasolola kachitsulo kaja, n'kufikisa oyilo pakati pa zala. Anati, "Mayi, uyu si oyilo, ndi phula la mumsewu. Sevisi yomaliza inali liti? Apa pakufunika kukhutula zonse, fyuluta zonse, chilichonse." Koma a Frank ndi wogulitsa, akanati chiyani? Alamu anga a Latif, mng'ono wa malemu, amene anayendetsapo minibasi, akuti zimenezo n'zabodza. Anati, "Alamu, injini yokalamba imazolowera oyilo wake. Mukangokhutula, iyamba kudontha ndi kufuka, simudzaigwiranso. Komanso dizilo si ya azimayi. Bola mundipatse makiyi, ndizikuyendetserani ine." Makiyiwo akhala akuwayang'ana kuyambira tsiku la maliro.

Kuti ndiwerenge makilomita sindingathe. Ndimamva kuti sevisi imayendera makilomita, koma mita ya Abiti inafa malemu akadali moyo. Nambala imene ikuoneka lero ndi yomwe ija ya kalekale.

Ndikanakhala ndekha ndikanangopirira. Koma kumapeto kwa mwezi uno kuli nikaha, ukwati wathu wachisilamu, ya mwana wanga wotsiriza, Ummi. Akatuluka ku mzikiti, iye ndi anzake akufuna kukajambulitsa zithunzi kuphiri, pafupi ndi damu. Akuchimuna anati abwereka galimoto yatsopano, iye wakana. Anandiuza maso ali gwa, "Ine ndikwera ya ababa, ndipo muyendetsa ndinu, Mama. Ndi mmene ababa akhalire nawo pa ukwati wanga." Za buleki ija sindinamuuze. 

Zinthu pakhomo pano zangondiukira pamodzi. Ngakhale mitengo ya mpanda, imene alendo a ukwati adzayambire kuona, chiswe chalowa. Malemu ankaipaka oyilo wakuda kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha. Ankabwera naye m'chigubu kuchokera ku galaja ya mnzawo. Chigubucho chili kuseri kwa khitchini, chouma, ndipo sindidziwa n'komwe kuti ndikapemphe bwanji.

Aphungu, ndiuzeni zoona. Kodi kuthira kokha sikukwana? Kodi n'zoona kuti injini yakale imawonongeka ukaisinthira oyilo? Popanda mita, munthu amadziwa bwanji kuti nthawi ya sevisi yakwana? Ndipo kodi palibe njira yokonzera buleki yokha, oyilo wa malemu n'kumusiya mmene alili? Ndikuopa kutsika phiri lija ndi mwana wanga atavala zoyera kumbuyo kwanga, komanso ndikuopa kuona oyilo uja akuthiridwa m'beseni ngati madzi otsukira mbale.

H.J.,
Mtiya, Zomba


Mayi H.J.,

Khalani kaye pansi, ngakhale mpandowo ukukana. Sindikusekani, koma sindikunyengererani. Makiyi muwaike m'thumba, lanu osati la a Latif, ndipo galimoto imeneyo isakwerenso phiri mpaka makaniko ataigwira. Masitiroberi a sabata ino atsike pa njinga yamoto.

Tiyambe ndi buleki, poti ndi imene ingaphe munthu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo inu mumakhala m'dera la nkhungu ndi chiperoni. Akakalamba amakhala ndi madzi m'kati. M'tauni madziwo savuta. Koma mukamatsika phiri mutadzaza kachewere, muli pa fili, phazi lili pa buleki njira yonse, mawilo amatentha mpaka madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi. Nthunzi siikankha kanthu, n'chifukwa chake phazi linamira. Mutakhala m'mbali mwa msewu zinazizira, buleki n'kubwerera. Sinachire, inangopuma. Idzachitanso chimodzimodzi pa makona omwewo, ndipo galimoto yodzaza atsikana a ukwati siipepuka kuposa matumba anu.

Kabotolo kodzadza kasakupusitseni. Kuwonjezera mafuta atsopano pamwamba sikuchotsa akale amene ali m'mapaipi ndi kumawilo. Komanso mafuta a mabuleki sapsa ngati dizilo. Ngati kabotolo kamatsikatsika, ndiye kuti mapadi a mabuleki adyeka kapena penapake pakudontha, ndipo inu mwakhala mukukwirira uthengawo ndi botolo latsopano. Makaniko atulutse mafuta onse akale kudzera ku wilo lililonse mpaka atsopano ayambe kutuluka oyera, aone mapadi, mapaipi a labala, mabuleki akumbuyo ndi handibuleki imene munaizunza tsiku lija. Zikatero muzisintha mafutawo zaka ziwiri zilizonse. Ndipo fili ija muisiye lero. Muzitsika phiri pa giya yachiwiri, injini izigwira galimoto, buleki izingothandizira. Dizilo amene mumapulumutsa pa fili sangadzaze ngakhale kapu ya tiyi.

Tsopano mawu a malemu. Anati muziwamwetsa Abiti, ndipo mwawamwetsadi mokhulupirika. Koma mayi, munalera ana. Munaonapo munthu amene amangomwa, kumwa, mvula ziwiri, osapitako kuseri? A Jamal anakuuzani theka la nkhani chifukwa theka linalo ankachita okha inu muli kumsika.

Oyilo wa mu injini ya dizilo amatola mwaye, tizidutswa ta zitsulo ndi dizilo wosapsa bwino. Kuda kokha si mlandu, poti oyilo wa dizilo amada ngakhale mutasintha dzulo. Mlandu ndi msinkhu wake. Akakhalitsa amalemera, amasanduka matope, fyuluta imatsekeka, ndipo tinjira timene amadutsa popita kuzitsulo timayamba kuphimbika. Mukathira watsopano pamwamba zili ngati kuwonjezera madzi oyera mu ndowa imene mwachapiramo sabata yonse. Pamenepa a Frank anena zoona, ngakhale ali wogulitsa. Wogulitsanso nthawi zina amalondola.

Za a Latif, pali kachoonadi kakang'ono kamene akakulunga m'bodza lalikulu. Nthawi zina injini yakale ikasinthidwa oyilo, malo amene labala inatha kale amayamba kuonetsa kadontho, chifukwa matope ndi amene ankatseka. Kadontho kameneko amakonza ndi labala yatsopano. Injini imene yauma zitsulo chifukwa oyilo sakuyenda, imeneyo ndiye simudzaigwiranso. Injini siizolowera oyilo, ilibe mtima. Zoti dizilo si ya azimayi, mukawakumbutse alamu anuwo kuti munthu amene anaimitsa galimoto yopanda buleki pa phiri la Zomba, osagunda aliyense, ndinu.

Pokhutula, injini ikhale yofunda kuti matope atuluke nawo. Fyuluta ya oyilo isinthidwe nthawi yomweyo, musalole zoitsuka n'kuibwezera. Gulani oyilo wolembedwa kuti ndi wa injini za dizilo, wa 15W-40 amagwirizana ndi zambiri zakale, ndipo akhale wa m'chigubu chomata, osati wopungulira m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Wina akakuuzani za mankhwala otsukira m'kati mwa injini, kapena zothira palafini, kanani. Pa injini imene yakhala chonchi, zimenezo zimagumula matope onse nthawi imodzi n'kutseka njira. Bola musinthe oyilo ndi fyuluta tsopano, muyende mwezi umodzi kapena iwiri, musinthenso. Ikhala yadzitsuka yokha mofatsa.

Madzi a pa kasupe aja andiseketsa, ndikuvomera. Anthu a ku Zomba ndi madzi anu. Ndi abwino kummero, koma rediyeta ilibe mmero. Madzi okha, ngakhale oyera bwanji, amadyetsa dzimbiri m'kati mwa injini ndipo amawira msanga pokwera phiri. Ndikukhulupirira kuti mukasuzumira mupeza afiira ngati tiyi. Akhutule, atsuke rediyeta, athire kulanti, aja amakhala obiriwira kapena ofiirira, ndipo muzisintha zaka ziwiri zilizonse. Chitsekerero chake musamatsegule injini ili yotentha.

Galimoto ikadali pa galaja pomwepo, asinthe fyuluta ya dizilo ndi kukhetsa madzi amene amadikha pansi pake. Imeneyi izisinthidwa kamodzi pachaka, makamaka ngati nthawi ya mizere munathirako mafuta a m'zigubu. Fyuluta ya mpweya aione, fumbi la chilimwe silichita nayo chisoni. Oyilo wa mu giyabokosi ndi mu difu ya pakati pa mawilo akumbuyo anthu amamuiwala chifukwa alibe kachitsulo kosolola m'mawa, koma naye amakalamba. Poti simudziwa kuti anasinthidwa liti, asinthidwe tsopano, kenako pakapita zaka zitatu. Mufunsenso ngati injini yanu ili ndi lamba wa taimingi. Ngati alipo ndipo palibe akukumbuka tsiku limene anaikidwa, musinthe. Lamba ameneyo sachenjeza, akaduka amapita ndi injini. Ngati zonsezi sizingatheke nthawi imodzi, buleki ikhale yoyamba, oyilo wa injini wachiwiri, zinazo zitsatire ukwati ukatha.

Mwafunsa za mita yakufa. Lamulo la dizilo yakale ndi makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kufika. Galimoto yanu imayenda maulendo aafupi, pa mtunda, ndi katundu, m'fumbi. Ntchito yotere imakalambitsa oyilo msanga kuposa ulendo wautali wa pa tala, choncho inu muziyendera miyezi ngakhale mita itadzakonzedwa. Kawiri pachaka. Kuti musaiwale, mangirirani ku nyengo: mvula isanayambe, ndiponso ikatha.

Mawu amenewo mwawazindikira? Ndawatenga m'kalata yanu. Mwanena nokha kuti a Jamal ankabwera ndi chigubu cha oyilo wakuda kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha, kuchokera ku galaja. Mayi, mukuganiza kuti ankamutenga m'galimoto ya yani? Sankapempha. Anali oyilo wa Abiti Dizilo. Mita itafa, amuna anu sanadandaule, anayamba kuwerengera mitambo. Munthu amene mukuopa kumulakwira pokhutula ndi amene ankakhutula mosaphonya, ndipo umboni wake wazungulira nyumba yanu. Chiswe chalowa mu mpanda pa chifukwa chomwecho chimene injini ikuvutikira: sevisi inaima tsiku limene iwo anagona. Oyilo uja munagwirira fanulo sanamuthire kuti akhale chikumbutso. Anamuthira kuti adzamukhutule mvula ikatha, kungoti mvulayo inatha iwo kulibe.

Choncho yankho la funso lanu lomaliza ndi ayi, musakonze buleki yokha. Pitani kwa mnzawo wa galaja uja, amene amaidziwa galimotoyi kuyambira kale, mumufunse zimene a Jamal ankachita ndi zimene anatsala asanachite. Mutenge chigubu cha kuseri kwa khitchini. Muime pomwepo pamene akumasula bawuti, ndipo misozi ikabwera muisiye ibwere, amakaniko aonapo zambiri. Fanulo mugwirenso ndinu. Oyilo wakaleyo asatayidwe pansi kapena m'ngalande, poti zonse za ku Zomba zimathera mu mtsinje. Mubwere naye kunyumba, mupake mitengo ya mpanda monga ankachitira eni ake, manja mutavala mapulasitiki, kutali ndi dimba ndi pamene mumatunga madzi. Mitengo iwiri ya pachipata muyambe nayo msanga kuti iume, diresi la mkwatibwi lisadzapite ku mzikiti ndi mzere wakuda.

Ummi mumuuze lero, osati mawa. Mwana amene akukwatiwa ndi wamkulu mokwana kumva kuti mayi ake anatsala pang'ono kugwera kuphedi. Mwina ndi iye amene angakuperekezeni ku galaja.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo musalichepetse. Ntchito ikatha, mukayese phiri lija muli ndi makaniko, opanda katundu, pa giya yachiwiri, ukwati usanafike. Phazi likangomira ngakhale pang'ono, kapena ntchito ikakhala isanathe pofika tsikulo, Abiti asakwere phiri, kaya Ummi alire bwanji. Zithunzi akajambulitse pachipata, atatsamira boneti. Koma zonse zikayenda bwino, mwana wanu adzatuluka pakati pa mitengo iwiri yopakidwa oyilo amene bambo ake anathira ndi manja awo, n'kukwera galimoto imene idzaima mayi ake akaponda buleki. A Jamal anati Abiti sadzakutayani panjira. Mbali imene ankagwira iwo kuti zimenezo zitheke, tsopano yatsala m'manja mwanu.

Aphungu